Kuseri kwa nyumba, kuseri kwa katani: mbiri ya malo amene timagona ku Joni

Lero ndi Lamlungu, ndili pa ofu, ndiye ndalemba zazitali. Amene bandulo yanu ndi yochepa sungani, mudzawerenge usiku ana akagona.

Pali mawu awiri amene tonse a kuno timalandira pafoni. Oyamba ndi akuti, "Achemwali, inu mungondipezera ya basi, pogona ndidzafikira kwa inu." Achiwiri ndi akuti, "Koma ndalama mumalandirazo zimapita kuti?" Ukayankha kuti malo palibe, kumudzi amati wayamba kunyada. Ukati lendi yadya, amati bodza, kachipinda kamodzi kangadye bwanji ndalama zoti ku Ndirande ungalipire nyumba yonse. Ine ndagwira ntchito za m'nyumba mu Johannesburg muno zaka 13, ndipo ndagona malo a mitundu itatu: chipinda chakuseri kwa mabwana, chipinda cha pabwalo la mastandi ku lokeshoni, ndi kuseri kwa katani mu fulati ku Yeoville. Malo atatu onsewa ali ndi mbiri yake. Mzinda uno anaumanga mwadala kuti uzilandira manja a munthu wakuda koma osamupatsa pokhala, ndipo ngakhale malamulo amene anachita zimenezi anafa kale, zipinda zake zilipobe, ndife tikugonamo.

Tiyambe ndi azibambo, chifukwa ndi amene anatsogola. Johannesburg inayamba mu 1886 atapeza golide. Agogo anga aamuna anabwera ndi Wenela monga anachitira amuna ambiri a kwathu. Iwo sanalipireko lendi ngakhale tsiku limodzi, chifukwa nyumba analibe. Ankagona mu komponi ya mgodi, amuna okhaokha ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana. Mkazi ndi ana sankaloledwa. Kontilakiti ikatha, munthu ankanyamula sutikesi ndi bulangete lake n'kubwerera kumudzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 ndi Theba, koma anthu ochepa, mpaka zinatheratu mu 1988. Pa zaka zonsezo, kwa ife Joni anali malo amene mwamuna amapita yekha n'kubwerako. Nkhani yofuna nyumba inadzabwera ndi ife, amene tinayamba kubwera ambiri 1994 itadutsa, popanda kampani yotinyamula kapena yotigoneka.

Tsono chipinda chakuseri. Kwathu timachidziwa, ndi boyizikota ija ya nyumba zakale za atsamunda ku Zomba ndi ku Blantyre. Dzinalo likunena zoona, chifukwa ngakhale kuno poyamba antchito a m'nyumba ambiri anali amuna, ndipo amayi anayamba kuchuluka cha m'ma 1930. Mu 1922 komishoni ya boma yotsogoleredwa ndi Stallard inalemba kuti munthu wakuda azilowa m'tauni pokhapokha ngati akutumikira mzungu, ndipo akasiya kutumikira azichoka. Chaka chotsatira, 1923, panabwera lamulo lokhudza anthu akuda m'matauni, limene linati iwo azikhala m'malokeshoni kunja kwa madera a azungu. Koma madamu ankafuna tiyi wa m'mamawa ndi munthu wotsuka mbale usiku, ndiye lamulolo linasiya khomo limodzi: wantchito wa m'nyumba akhoza kugona pabwalo la bwana wake.

Mukaona mmene kachipindako kanamangidwira mumvetsa zimene ankaganiza. Kali kuseri kwa galaja kapena pafupi ndi pochapira, zenera laling'ono, bedi limodzi ndi mpando ndiye kadzaza. Anamangira munthu mmodzi. Mwamuna wake analibe chilolezo chogonamo, ana akasiya kuyamwa ankatumizidwa kwa agogo awo kumudzi, ndipo apolisi ankagogoda usiku kudzaona ngati muli munthu wopanda chiphaso. Kuyambira 1952, munthu wakuda wopanda chilolezo sankayenera kukhala m'tauni kupitirira maola 72. Kuti akhale ndi ufulu wokhazikika ankayenera kukhala wobadwira momwemo, kapena wogwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10, kapena wokhalamo movomerezeka zaka 15. Taganizani mayi amene wakangana ndi madamu ali m'chaka chachisanu ndi chinayi. Ntchito, chipinda ndi chilolezo chokhala mumzinda, zonse zinkatha tsiku limodzi. N'chifukwa chake pa 9 August 1956 amayi pafupifupi 20,000 anayenda kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana ziphaso, motsogoleredwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Holide ya pa 9 August ija, imene ambiri a ife timagwirabe ntchito chifukwa kunyumba kwabwera alendo, inachokera pamenepo.

Azungu okhala m'mafulati analibe bwalo, ndiye antchito awo ankawagoneka pamwamba pa nyumba, pafupi ndi matanki a madzi ndi zingwe zoyanikira. Anthu ankati amenewo ndi malokeshoni a m'mwamba. Boma linaona kuti anthu akuda achuluka pakati pa tauni, ndipo mu 1955 linakhazikitsa lamulo loti pa nyumba imodzi pasagone anthu akuda oposa asanu popanda chilolezo chapadera. Amuna ambiri anawasamutsira ku mahositelo monga a ku Dube ku Soweto, ndipo m'ma 1970 ku Alexandra kunamangidwanso hositelo ya amayi okhaokha. Tizipinda ta padenga tija tilipobe ku Killarney, ku Berea ndi ku Hillbrow, ndipo ena a inu mukuwerenga izi muli momwemo.

Ine ndinakhala zaka zinayi m'chipinda chakuseri. Mabwana anga sanali anthu oipa, koma lamulo la pakhomo linali lomwe lija la kale: mlendo asagone. Mwana wanga wamkazi atabwera pa holide ya sukulu ndinachita kumupemphera ngati ndikupempha ngongole, ndipo anandipatsa milungu iwiri. Komanso chipinda chaulere chili ndi mtengo wake wobisika. Munthu wogona pabwalo saweruka. Mwana wa madamu akadwala pakati pausiku, khomo logogoda ndi lako. Ndiye a kumudzi, mchemwali wanu akanena kuti "kuno sindingakulandire", musamuone ngati wouma mtima. Makiyi a geti si ake.

Mtundu wachiwiri ndi chipinda cha pabwalo la mastandi. Puloti kuno amati stand, mwini wake ndiye mastandi. Izinso n'zakale. Ku Alexandra, imene inayamba mu 1912, ndi ku Sophiatown, anthu akuda ankaloledwa kugula malo, zimene zinali zosowa kwambiri m'dziko muno. Amene anagula ankamanga tizipinda kuseri n'kumachititsa lendi kuti abweze ngongole, moti pabwalo limodzi pankakhala mabanja ambiri, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Anthu ambiri a ku Sophiatown anali alendi. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 anafika ndi malole kudzayamba kusamutsa anthu kupita ku Meadowlands. Nyumba anagwetsa, pamalopo anamanga dera la azungu n'kulitcha Triomf, ndipo dzina la Sophiatown linabwerera mu 2006.

Ku Orlando nako nyumba za khonsolo zinali zochepa, anthu anali kupanikizana m'makhitchini ndi m'makhonde a anzawo. Mu 1944 bambo wina dzina lake James Mpanza anatsogolera alendi amenewa kukamanga zisakasa pamalo a khonsolo. Gulu lake linkatchedwa Sofasonke, kutanthauza kuti tidzafera limodzi, ndipo malowo anthu anawatcha Masakeng chifukwa makoma ake anali a masaka. Inde, masaka omwewa timathiramo chimanga. Khonsolo inakakamizika kuyamba kumanga, ndipo Soweto inakula kuchokera pamenepo.

1994 itadutsa boma linamanga nyumba zambiri zazing'ono zopereka kwa nzika zosauka, zija amati RDP. Ife obwera sitili pa mndandanda umenewo. Koma eni ake, ambiri osagwira ntchito, anachita zimene agogo awo ankachita ku Alexandra: kumanga mizere ya zipinda kuseri, zina za njerwa, zina za malata zimene kuno amati mkhukhu. Pitani ku Cosmo City, ku Diepsloot, ku Tembisa, mukaona bwalo lonse latha ndi zitseko. Mastandi wanga ndi mayi wamasiye, ndipo lendi yathu ndi imene amadyera iye ndi zidzukulu zake. Timakangana za mayunitsi a magetsi ndi za munthu wosatsuka chimbudzi, koma ndikamuyang'ana ndimaona mayi amene mayi ake ankagona kuseri kwa madamu ngati ine. Kuipa kwa ku lokeshoni ndi mtunda. Malokeshoni anawaika kutali mwadala, ndiye zimene wapulumutsa pa lendi zimathera pa matakisi awiri kupita, awiri kubwera, ndi kudzuka 4 koloko m'nyengo yozizira ya June.

Mtundu wachitatu ndi katani, ndipo uwu a kumudzi ambiri saukhulupirira. Mu fulati ya zipinda ziwiri mumakhala mabanja asanu kapena kuposa. Pabalaza amagawa ndi makatani kapena mabolodi, pakhonde amatseka n'kukhala chipinda, ndipo pali ena amene amachita lendi bedi lokha. Ku Yeoville kuli khoma limene anthu amamatapo timapepala tolengeza malo: chipinda, khonde, theka la balaza, "mayi wopemphera wofuna mnzake wogawana naye". Ndinapeza malo anga oyamba pa khoma limenelo. Kuseri kwa katani umamva zonse, kutsokomola, kukangana, pemphero la mnzako wa ku Congo, ndipo kusamba n'kwa pamzere kuyambira usikusiku.

Nanga zinayamba bwanji? Hillbrow, Berea ndi Yeoville anali madera a azungu okhaokha pansi pa lamulo la Group Areas la 1950. Mu 1975 anamaliza Ponte, chinyumba chozungulira chija cha nsanjika zoposa 50, ndipo anali malo a anthu a ndalama. Koma chakumapeto kwa m'ma 1970 azungu ambiri anayamba kuchoka, mafulati n'kutsala opanda anthu, pamene kumadera a amwenye, a makaladi ndi a anthu akuda nyumba zinali zosowa. Anthu anayamba kulowa mobisa, ena polembetsa dzina la mzungu. Mu 1982, pa mlandu wa mayi Govender, woweruza Richard Goldstone anagamula kuti khothi lisamangothamangitsa munthu pa lamulo limeneli osaona ngati ali ndi kwina kopita, ndipo kuthamangitsa kunachepa kwambiri. Koma mvetsani apa. Munthu amene lamulo likuti sayenera kukhala pamalo sangadandaule. Malandilodi ena anakweza lendi podziwa zimenezi, alendi anayamba kuitana anzawo kuti athandizane kulipira, paja mutu umodzi susenza denga, ndipo eni nyumba anasiya kukonza mapaipi ndi zikepe. Ziphaso zinathetsedwa mu 1986, Group Areas inathetsedwa mu 1991, koma pofika nthawi imeneyo mabanki anali atasiya kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'maderawa, ndipo eni ena anangothawa n'kusiya nyumba zawo. Zina mwa nyumbazo zinagwidwa ndi magulu a anthu amene amatolera lendi pa chinthu chimene si chawo.

Lero amene sangadandaule ndife. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30 pa boda. Ejenti wa nyumba zabwino amafuna pemiti, pepala la malipiro, sitetimenti ya ku banki ndi dipoziti. Mayi wochapa masiku atatu pa mlungu m'nyumba zitatu zosiyana, wolandira ndalama pamanja, alibe mapepala amenewo. Ndiye amapita kumene safunsa mafunso, ndipo kumene safunsa mafunso nayenso safunsa.

Apa ndi pamene ndikufuna tikumbukire Usindiso. Usiku wa pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba ya nsanjika zisanu pa 80 Albert Street ku Marshalltown, pakati pa tauni. Anthu 76 anafa, ana ali momwemo, ndipo Amalawi anzathu anali m'gulu la omwalirawo. Ambiri a ife tinasonkha nawo ndalama za maliro m'magulu a WhatsApp. M'katimo anali atagawamo tizipinda ndi matabwa ndi mabolodi, njira zothawira zinali zotsekedwa, ndipo ena anafa podumpha pa mawindo. Komishoni yotsogoleredwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsolo ya mzinda, imene ndi mwini nyumbayo, inali ndi mlandu chifukwa inadziwa za kuopsa kwake koma sinachitepo kanthu.

Chimene ambiri sadziwa ndi mbiri ya nyumbayo. M'zaka za m'ma 1950 inali ofesi ya ziphaso. Ndi mmene anthu akuda ankaima pamzere kuti adindiridwe chilolezo chokhala mu Johannesburg, kapena kuuzidwa kuti achoke. Tsankho litatha inadzakhala malo osungirako amayi ndi ana othawa nkhanza, ndipo dzina loti Usindiso, kutanthauza chipulumutso, linachokera pamenepo. Kenako inagwidwa n'kuyamba kuchititsidwa lendi. Nyumba imene inkagamula kuti ndani ali ndi ufulu wogona mumzinda uno ndi yomweyo imene munafera anthu osowa pogona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunena kuti palibe chimene chinasintha. Amayi aja a 1956 ndi ena ambiri anamenya nkhondo, ndipo pa pepala zinthu zilipo zimene tiyenera kuzidziwa. Malamulo aakulu a dziko lino a 1996, gawo 26, amati munthu asatulutsidwe m'nyumba yake popanda chigamulo cha khothi, ndipo mawu ake amati munthu aliyense, sanena za nzika zokha. Lamulo la PIE la 1998 linatsindika zomwezo. Landilodi alibe ufulu wokhoma loko pachitseko chako, kukudulira madzi kapena kuponya katundu wako panja chifukwa wachedwa kulipira. Lamulo la nyumba za lendi la 1999 limati uzipatsidwa risiti pa ndalama iliyonse imene walipira, ukapempha kuti pangano lilembedwe alembe, ndipo dipoziti iyenera kubwezedwa ukamatuluka, atachotsapo zimene wawononga ndi ngongole imene watsala nayo. Kuli ofesi yomva madandaulo a alendi yotchedwa Rental Housing Tribunal, ndipo salipiritsa. Kwa ife ogona pabwalo la mabwana, malamulo a antchito a m'nyumba a 2002 amati bwana asadule zoposa R10 pa R100 iliyonse ya malipiro chifukwa cha chipinda, ndipo chipindacho chikhale chosadontha, chokhala ndi zenera, chitseko chokhomeka, chimbudzi ndi posambira.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Ine mapepala anga anatha, ndingapite bwanji ku ofesi?" Mantha amenewo ndi enieni, sindingawachepetse. Koma pali mabungwe amene amathandiza osakuopseza, monga SERI pa nkhani za nyumba ndi SADSAWU pa nkhani za antchito a m'nyumba. Ndipo pali zina zimene sizifuna ofesi. Musapereke dipoziti pa chipinda chimene mwangochiona pa chithunzi. Lipirani m'njira yosiya umboni, kapena alembe m'kabuku n'kusayina. Tsiku lolowa jambulani makoma, loko ndi mita. Funsani anthu a pabwalopo kuti mwini wake weniweni ndani. Koposa zonse, musanafunse za mtengo, yang'anani potulukira. Geti amakhoma nthawi yanji, makiyi amasunga ndani, mawindo ali ndi zitsulo zosatseguka, masitepe ndi angati, magetsi akazima anthu amaphikira chiyani. Chipinda chotchipa chokhala ndi khomo limodzi lokhomedwa ndi tcheni chisiyeni, ngakhale mutagona mwezi wina kuseri kwa katani ya mnzanu.

Kwa inu a kumudzi, pempho langa ndi ili. Mwana wanu asanakwere basi, funsani kumene akagone musanafunse zimene akalandire. Funsani dzina la dera, funsani amene akakhale naye, funsani ngati mwini malowo wavomera. Ndipo ndalama ikachedwa kumapeto kwa mwezi, dziwani kuti woyamba kudya ndi landilodi, wachiwiri ndi takisi, inu ndi ana mumabwera pachitatu, ife eni ake timadya zotsala. Ambiri tikupirira katani kuti kumudzi kukhale malata. Ine njerwa zanga zafika pa mawindo, ndipo tsiku limene ndidzakhome chitseko changa ndi makiyi anga, mlendo aliyense adzagona mpaka atatopa yekha.

Amene munakhalako malo ena, ku Cape Town, ku Durban, ku Harare kapena kutsidya kwa nyanja, tiuzeni za kwanuko. Ndipo amene mukudziwa chipinda chabwino chopanda munthu, chokhala ndi potulukira pawiri, uzani mnzanu. Mlungu wabwino nonse, mawa ndi Lolemba.